Duwa la Amayi ndi Mphaka wa Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndayamba ndi moni poti ndi mmene tinaleredwera, ngakhale mtima ukufuna kuyambira pakati. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unakusiyani, kapena mukungoyenda nawo n'kumati palibe kanthu monga mwa khalidwe lanu? Nanga amayi, mawondo akuti bwanji? Ndikhulupirira kuti bambo a kunyumbako ndi ana onse akudzuka bwino. Ine kuno thupi lilipo, likudzuka, likupita kuntchito, likubwerako. Zinazo ndi zimene ndikulemberazi.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene foni ilipo. Pafoni ndimalephera, chifukwa alamu anu amakhala pompo pampando wawo, ndipo makutu awo sanadwale nawo. Komanso amayi akangomva kuti ndine, amakulandani foni m'manja. Ndiye kalatayi muwerengere kumbali, musawawerengere mokweza muja mumachitira.

Za kuno n'zomwe zija. Kochapira zovala kuntchito kwathu makina aakulu anafa, ndiye nsalu za pabedi za hotela yonse tikuzipanikiza m'timakina totsalato, kusita mpaka zala kuchita dzanzi. Atibweretseranso woyang'anira watsopano, mtsikana woti ndikanam'bereka kumbuyo, amene amanunkhiza thaulo lililonse ngati akugula nsomba. Chikepe cha nyumba yathu yosanja chinaima, ndipo mwini nyumba akuti amisiri akubwera. Akhala akubwera kuyambira mwezi watha. Choncho alamu anu sanatsikeko pansi nthawi yonseyi, dzuwa akuliwothera pawindo.

Nkhani yanga ndi ya Kapitawo, mphaka uja wa alamu anu. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kumwetulira, kuti mng'ono wanga wafika polemba kalata chifukwa cha mphaka. Inenso ndikanaseka. Si ine kodi ndinkamuthamangitsa ndi tsache? Alamu anu anamutola kumabini ali kamwana konyowa, n'kubwera naye m'thumba la jekete, ine n'kuwauza kuti kwathu mphaka ntchito yake ndi makoswe, sagona pabulangete la munthu. Iwo anandiyankha kuti ameneyu si wantchito koma kapitawo, ndione mmene akundiyang'anira ndikukolopa. Dzina linamera pomwepo.

Mukuwakumbuka alamu anu mmene analili pakamwa. Munthu woti basi imene ankayendetsa anthu ankaidikirira dala kuti akamve nthabwala, woti amayi ankati mkamwini ameneyu anameza wailesi. Sitiroko itawagwira inatenga mkono ndi mwendo wakumanja, n'kutenganso mawu onse. Za mkono ndi mwendo ndinazilandira. Koma chete uja ndinalephera kumuzolowera, ndinkalowa m'nyumba mwanga momwe ngati ndasochera pakhomo pa eni.

Kumabwera mayi wina wophunzitsa odwala kulankhula, ndi makadi ake a zithunzi za kapu, mpando ndi nthochi. Alamu anu ankayesa, pakamwa n'kupotoka, malovu n'kutsika, manyazi n'kuwagwira, basi n'kutembenukira kukhoma. Pamaso pa munthu sankafuna kulephera, ngakhale pamaso pa ine mkazi wawo. Koma tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva mawu kumbuyo kwanga, okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, akuti Kapi. Mphaka anali atakwera patebulo. Ndinagwetsa mbale, ndipo ndinaitola misozi itatha.

Mphunzitsi uja anati ndisawalekanitse awiriwa, chifukwa mphaka saseka munthu wachibwibwi. Zoonadi mawu anayamba kubwera limodzilimodzi, onse a Kapitawo. Lero akuti bwera, mawa akuti tsika, kenako akuti wakuba. Ine ndinkangotolako zogwera pansi, monga madzi ndi tiyi, koma ndinkati bola. M'mawa ndinkatseka chitseko mtima uli m'malo, podziwa kuti sindinawasiye okha. Madzulo ndikabwerako ndinkaima kaye panja ndi kiyi m'manja, kumvetsera akumukalipira.

Tsono mukulidziwa duwa la amayi lija, kakombo woyera wa kuseri kwa nyumba, amene amanunkhira kwambiri dzuwa likapendeka. Amayi anakumba anyezi wake, n'kumukulunga m'sokosi, n'kupatsira msuweni wathu wamalole kuti atibweretsere. Anati chipinda cha wodwala chisamasowe chinthu chomera, wodwala akaona china chikuphuka nayenso amalimba mtima. Ndinamubzala m'chidebe pawindo, pafupi ndi mpando wa alamu anu. Kuthirira inakhala ntchito yawo, ndi dzanja lamanzere, madzi ena m'chidebe ena pansi, ine kukolopa osadandaula.

Litaphuka, nyumba yonse inanunkhira kwathu. Alamu anu analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuliloza, n'kunena kuti amayi. Linali liwu loyamba losakhala la mphaka kapena la chakumwa. M'mawa mwake Kapitawo anatsika pawindo mphuno ndi ndevu zili chikasu, atapaka mungu wa duwalo, n'kukhala pakati pa chipinda kumadzinyambita mwaulemu wake. Alamu anu anaseka mpaka kutsamwa, akuti wakuba, wakuba. Ndi chithunzi chija ndinakutumizirani, inu n'kuyankha kuti kapitawo wadzola zopita nazo ku ukwati. Musadziimbe mlandu, tonse tinaseka.

Madzulo ake Kapitawo anasanza. Ine ndinati ndi zimene amphaka amachita, kwathu ankadya udzu n'kusanza, mawa lake ali padenga. Sindinaganize kuti mphaka wakwathu ali ndi thengo lonse losankhamo, pamene uyu wa m'nyumba yosanja chobiriwira chimene akuchidziwa ndi chokhacho chimene ife tamuikira. Atakana chakudya ndinamupatsa mkaka, poti tinakula tikumva kuti mkaka umapha poizoni. Limenelo linali Loweruka. Lamulungu anangogona pansi pa mpando wa alamu anu, osatuluka ngakhale amuitane chotani. Ndinati tione kaye Lolemba, ndipo mawu amenewo akundidya mpaka lero.

Lolemba ndinapempha nthawi kuntchito, n'kumunyamula m'basiketi kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo, bambo wodekha waimvi, anamugwiragwira pamimba n'kundifunsa ngati m'nyumba mwathu muli maluwa. Ine wosadziwa kanthu ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija, ndikumwetulira. Nkhope yake inagwa. Anati duwa limeneli kwa mphaka ndi imfa, kaya tsamba, kaya mungu, ngakhale madzi otsalira pansi pa chidebe, zonse zimakaononga impso. Anati ndikanabwera tsiku lomwelo mwayi unali waukulu, komabe ayesa. Nditamuuza za mkaka uja anangondiyang'ana mwachisoni. Bola akanandikalipira.

Anamuika pa diripi atamumeta kamwendo. Anandiuza kuti akachira asabwerere m'nyumba momwe muli chomera chokayikitsa, ndiponso kabulangete kake ndisakachape, kuti akadzafika adzapeze fungo lake, mtima udzakhale pansi. Namwino wake anandipatsa nambala, kuti chomera chilichonse ndizichijambula n'kumutumizira, iye azindiuza ngati n'chabwino kapena ayi. Pa zonse zimene ananena, ine ndinanyamula mawu akuti akachira aja, n'kupita nawo kunyumba kukawauza alamu anu.

Nditafika ndinayamba kujambula. Achemwali, ndinkasunga adani okhaokha. Alovera amene ndimapaka ndikapsa ndi simbi, akuti amasanzitsa mphaka ndi kumutsegula m'mimba. Chomera choyanga chija cha masamba onga mtima, chimene ndinachilera m'botolo la madzi kuchokera ku kanthambi kamodzi, akuti chimawotcha m'kamwa ndi kummero. Cha masamba oongoka ngati malupanga chimene chinali pafupi ndi khomo, nachonso ayi. Zonse ndinatsika nazo pamasitepe n'kukapatsa mlonda wapageti, amene alibe mphaka ndipo sakana chinthu.

Koma duwa la amayi sindinathe kupatsa munthu, ndinaopa kuti lingakapwetekenso kwina. Ndinalizula, n'kulithyolathyola, n'kulimanga m'jumbo, anyezi ndi dothi lomwe. Alamu anu ankaona zonsezo. Anayamba kumenya mkono wa mpando ndi dzanja lawo labwinolo, akuti amayi, amayi, ine ndikufotokoza ndikulira kuti ndi lomweli ladwalitsa Kapitawo. Atamvetsa anasiya kumenya, n'kumangoyang'ana dzanja lawo lija lothirira. Ndinaona zimene ankaganiza, ndipo ndinalakalaka ndikanatseka pakamwa.

Mawa lake nditaweruka ndinapita kogulitsa maluwa. Pawindo popanda kanthu pankawawa kuyang'ana, ndiponso ndinkafuna kuti alamu anu akhale ndi chothirira. Ndinazungulira mizere yonse ndi foni, kujambula, kutumiza, kudikira yankho. Wogulitsa, mayi wonenepa wa magolovesi obiriwira, poyamba ankandiyesa wodzaba nzeru kuti ndikatsegule shopu yanga. Nditamufotokozera anavula magolovesi n'kuyamba kuyenda nane. Chokongola chilichonse chimene ndinaloza, yankho linali ayi. Cha masamba aakulu amathothomathotho oyera, ayi. Maluwa omera pa anyezi, akuti ndisayandikire n'komwe. Mayiyo anati maluwa n'chimodzimodzi amuna, ooneka bwino kwambiri ndiwo amagoneka munthu m'chipatala, ndipo ndinaseka koyamba sabata imeneyo.

Zimene namwino anavomera zinali zosadzionetsera. Ndinatenga cha masamba aatali amizere yoyera, chija chimalendewetsa tiana take pa tizingwe, akuti mphaka akachitafuna mwina angasanze pang'ono koma sichipha. Ndinatenganso kakanjedza ka m'nyumba, ndi china cha masamba onga nthenga chokonda mthunzi. Wogulitsa anandionjezera mbewu za tirigu kuti ndifese m'mbale, umere udzu wakewake wa mphaka, asamasirire za eni. Anandichenjezanso kuti m'dothi ndisathiremo mankhwala ophera tizilombo. Ndinakwera nazo basi nditazikumbatira ngati mapasa, masamba akukwapula anthu kumaso, ine ndikupepesa uku ndi uku, koma mumtima ndikusangalala kuti Kapitawo akubwerera m'nyumba yopanda choopsa.

Tirigu tinafesa limodzi ndi alamu anu, ine kugwira mbale, iwo kuwaza. Ankathirira m'mawa uliwonse, kabulangete ka mphaka kali pamiyendo, ubweya uli mbuu, osalola kuti ndikakhudze. Ndinawajambula mawu pafoni akuti Kapi bwera, n'kukamuikira kukhutu ndikakamuona. Anali wofooka, maso atalowa, koma khutu linagwedera. Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga pamasitepe kukanena za khutulo, ngati ndalandira uthenga wa ntchito.

Tsiku limene tirigu anatulutsa nsonga zobiriwira ndi lomwe foni inandipeza ndikupinda nsalu kuntchito. Dokotala anati impso zaima, mkodzo sukutuluka, chatsala ndi ululu wokha, ndipite ndikamutsanzike. Ndinapita ndi yunifolomu yomwe. Anali atapepuka ngati thaulo louma. Ndinamugwira kamutu mpaka jakisoni atatha ntchito yake. Ine amene ndinkamuthamangitsa ndi tsache ndinamupepesa mokweza, namwino akumva. Basiketi ndinaisiya komweko, sindikanatha kukwera nayo masitepe ili yopanda kanthu.

Kunyumba ndinanama. Ndinati akadali pa diripi, dokotala akuti tidikire. Tsiku ndi tsiku ndikamatsegula chitseko, maso a alamu anu sankafika pankhope panga, ankathera m'manja mwanga. Ndinkapeka nkhani, kuti lero wanyambita kachakudya, lero wakanda namwino. Pa za kukanda namwinozo anaseka, akuti wakuba, ine n'kuthawira kubafa kukatsegula mpopi kuti asandimve. Anzanga akuntchito ankandiuza kuti ndingonena, ndi mphaka chabe ameneyo, koma iwo sanamvepo mmene nyumba yathu inkakhalira asanayambe kulankhula. Udzu m'mbale unakula, unatalika, unayamba kugwa wokha posowa woudya, iwo akuthirirabe.

Chimene chinandiulula ndi manja angawa. Lamulungu lapitali alamu anu akusinza masana, ndinasonkhanitsa zochapa monga ndichitira, maganizo ali kutali. Munthu wochapa nsalu sabata yonse saganiza, akaona chaubweya amangotola. Ndinazindikira nditayanika kale pakhonde, kabulangete kali mbee, kopanda ubweya ndi umodzi womwe, kakununkhira sopo. Nditatembenuka ndinapeza adzuka, akukayang'ana kudzera pawindo, pakati pa zomera zanga zatsopano zija. Zimene dokotala ananena za kabulangeteko ankazidziwa, poti ndinawauza ndine.

Anandiyang'ana, n'kunena kuti sabweranso. Liwu lathunthu, achemwali, lalitali, losapotoka, lomveka la munthu uja wa m'basi. Mphunzitsi wakhala akulimbana nawo miyezi yonseyi kuti atulutse liwu lotero. Ndinagwada n'kuwagwira mawondo, ndikuvomera, ndikupepesa. Iwo anangochotsa dzanja langa pang'onopang'ono, mopanda ukali, n'kutembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo sanatulutsenso liwu. Ngakhale madzi sakupempha, amangodikira kuti ndiwapatse. Mphunzitsi anabwera ndi makadi ake n'kubwerera nawo chimodzimodzi. Akuti nthawi zina mawu amabwerera, nthawi zina ayi, ndipo ponena chachiwiricho ankayang'ana m'chikwama chake. Mlonda akuti kumabini kuli tiana ta mphaka tambiri, anditolere kamodzi. Nditawatchulira alamu anu, anatseka maso. Sindikudziwa ngati akulira mphaka, kapena akudziimba mlandu wothirira duwa, kapena akundisungira bodza lija. Sangandiuze, ndipo chimenecho ndicho chikundipha. Paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndatopa, achemwali. Ndikunena poyera poti ndinu. Zomera zija zikukula bwino zopanda manyazi, cha tiana chija chatulutsa kale tiana tina. Ndikuthirira ndine tsopano, ndisanapite kuntchito. M'nyumba mwathu lero mulibe tsamba ndi limodzi lomwe loti n'kupha mphaka. Nzeru zonse ndili nazo, ndikhoza kuphunzitsa msewu wonse kuti ichi gulani, ichi chisiyeni, koma madzi akatayika saoleka. Udzu uja unauma m'mbale momwemo, ndipo sindinautaye, ndikuopa kukhudzanso chinthu china. Nthawi yopuma kuntchito ndimakhala kuseri kwa makina n'kumamvetsera mawu aja ndinajambula, chifukwa ndi mokhamo mmene mwatsala mawu a mwamuna wanga.

Pempho langa ndi limodzi. Dzana amayi anandiuza pafoni, akusangalala, kuti poti duwa loyamba lija linachita bwino, akumba anyezi wina wambiri, akungodikira kuti msuweni adutse. Ndinangoti zikomo. Chonde anyeziyo asafike kuno. Alamu anu akangomva fungo lija sindikudziwa chimene chingatsale. Muwapezere amayi chifukwa chilichonse, kaya kuti pawindo padzaza, kaya kuti msuweni wakana katundu, inu mumadziwa kuwanyengerera. Koma zoona zake musawauze. Ndi mawondo awo aja anagwada pansi n'kukumba ndi manja kuti mkamwini wawo achire. Akamva sadzadzikhululukira, ndipo wodwala wachiwiri sindingamuthe. Ine mabodza andithera, limeneli mundisenzereko inu.

Akakufunsani za duwa, muwauze kuti linaphuka, linanunkhira nyumba yonse, mkamwini wawo analiloza n'kuwatchula. Pamenepo palibe bodza. Mulekere pomwepo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwasisite mawondo m'malo mwanga. Moni kwa bambo a kunyumbako, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa ana onse. Wamkulu wanu uja mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale, mutu ndiwo wabalalika. Ndikanalemba kuti alamu anu akupereka moni, monga timalembera nthawi zonse, koma tsopano mukudziwa mmene zilili.

Madzulo ndikafika pakhomo ndimaimabe panja ndi kiyi m'manja, kumvetsera. Mukamatipempherera musapemphe zambiri. Mupemphe liwu limodzi lokha, ngakhale lakuti choka.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi